Zitsulo zonyamulira pulawo zikamangothyoka: kupanga zina zokhalitsa pa thirakitala yaing'ono

Vutoli limakonda kubwera motere. Lift rod, chitsulo cholumikiza mkono wa m'mwamba wa hayidiroliki ndi mkono wa m'munsi umene umagwira pulawo, yaduka, kapena mkono wa m'munsiwo wapindika, m'sitolo mulibe, kuitanitsa kunja kutenga masabata, pomwe mvula ili pafupi. Mwini thirakitala amathamangira kwa owotcherera, chitsulo china chimapangidwa tsiku lomwelo, koma pasanathe sabata chadukanso pamalo omwe aja. Ulendo wachiwiri amalamula kuti aike chokhuthala. Chokhuthalacho sichiduka ayi, koma tsopano chomwe chang'aluka ndi mkono wa m'mwamba, kapena mano a shafti yonyamulira, imene imazunguza mikono ya m'mwamba, aperepeseka, ndipo zimenezi n'zodula kwambiri kuposa kachitsulo kanayambitsa nkhani kaja.

Tikunena makamaka za mathirakitala ang'onoang'ono: a Kubota, Yanmar ndi Iseki ochokera ku Japan atagwirapo kale ntchito, komanso a m'madimba opangidwa ku America monga John Deere 318 ndi Cub Cadet. Zambiri zikugwiranso pa Massey Ferguson 135.

Kulemera kwa pulawo si kumene kumadula lift rod

Tiyeni tiwerengetse. Pulawo ikulemera makilogalamu 200. Mkono wa m'munsi ndi wotalika 700 mm kuchokera pa pini ya ku thirakitala kufika pa mpira wachitsulo wa kunsonga, umene uli ndi bowo lolowamo pini ya pulawo, ndipo lift rod yagwira pakati, pa 350 mm. Ndiye kuti ma lift rod awiriwo akusenza makilogalamu 400. Thirakitala ikagwa m'dzenje katunduyo angachuluke katatu, ndipo ngati yense wagwera mbali imodzi, rod imodzi yasenza makilogalamu 1,200. Komatu chitsulo chamazinga cha M16 (chonenepa 16 mm), ngakhale chofewa cha giredi 4.6, chimayamba kutamuka pa matani oposa 3. Cha M20 chimafika pafupifupi matani 6. Pa kukoka kokha mphamvu ilipo yotsala.

Tsopano chitsulo cha M20 chomwecho chipaneni pa vayisi, musiye 400 mm kunja, n'kuchikankhira cham'mbali. Makilogalamu 30 okha akwana kuti chiyambe kupindika. Nkhani yagona pamenepa. Lift rod yopangidwa kwa owotcherera imafa chifukwa chopindidwa, ndipo imapindidwa chifukwa inapangidwa yolimba pamalo pamene inayenera kusewera. Mikono ya m'munsi sikwera ndi kutsika kokha, imapitanso uku ndi uku pulawo ikamatsata mzere kapena thirakitala ikamakhota. Ngati mphanda za kunsonga zonse ziwiri za rod zagwira zolimba, kusuntha konseko kumathera pa msoko wowotcherera kapena pa mazinga, monga waya amene mukumupinda n'kumuwongola mpaka kuduka.

Musataye chidutswa chothyokacho

Chitsukeni ndi parafini muone pamene chadukira. Ngati mbali ina ndi yosalala, yakuda kapena yadzimbiri, yokhala ndi timizere tozungulira, pomwe mbali yotsalayo ndi yoyera ndi yokhakhala, mng'alu unayamba kalekale n'kumayenda pang'onopang'ono. Uko ndi kupindidwa mobwerezabwereza kuja, ndipo kukhuthalitsa chitsulo sikuthandiza. Ngati ponse pali timibulu tonyezimira ndipo chitsulo sichinapindike n'komwe chisanaduke, chinali chouma kwambiri: mwina ndi sipulingi ya galimoto, mwina chinathiridwa madzi chikali chofiira. Ngati chinayamba chaonda n'kutalika, kenako n'kuduka, pamenepo ndiye chinachepadi mphamvu, kapena thirakitala imasenzetsedwa zoposa msinkhu wake. Ngati msoko wangomatuka n'kusiya chitsulo chosasungunuka pansi pake, moto unachepa.

Yang'ananinso pa thirakitala penipeni. Malo aliwonse onyezimira kapena opalika penti m'kati mwa mphanda, pa mkono, pa bokosi la hayidiroliki, akukuuzani pamene zitsulo zimagundana.

Miyezo ya mapini

Mapini a zokolekera zitatu za kumbuyo kwa thirakitala, zomwe ndi mikono iwiri ya m'munsi ndi top link (chitsulo cha pakati chogwira pulawo kumtunda), ali m'magulu, ndipo kusakaniza magulu ndiko kumakulitsa mabowo. Gulu la Category 0, la mathirakitala ofika mahosipawa 20, limagwiritsa pini ya 16 mm pamwamba ndi pansi pomwe, ndipo mapini a m'munsi amatalikirana pafupifupi 500 mm. Category 1 ili ndi pini ya 19 mm ya top link, ya 22 mm ya mikono ya m'munsi, mtunda wa 683 mm pakati pa mapewa a mapini awiriwo, ndipo kuchokera pa mapini a m'munsi kufika pa bowo la top link pa chipangizo ndi 460 mm. Category 2 ili ndi 25 mm ndi 28 mm. Mathirakitala ambiri a ku Japan amabwera ndi chokolekera cha malo awiri chopangidwira rotaveta (cholimira cha mipeni yozungulira) yawo yokha, choncho yezani zomwe zilipo, musangoganiza kuti ndi Category 1.

Bawuti ya M20 mu mpira wa bowo la 22 mm imasiya mpata woposa 2 mm. Pulawo ikangonyamulidwa kapena kutsitsidwa bawutiyo imamenya, mpaka bowo limasanduka lowulungika motalika. Ngati pini ndi mpira n'za magulu osiyana, gulani kapena pangitsani mabushi pa lefu (makina osemera zitsulo mozungulira): a 22 mm m'kati ndi 28 mm kunja, kapena a 19 mm m'kati ndi 25 mm kunja.

Pini yabwino imachokera ku round bar ya EN8, chitsulo cholimbirapo kuposa mild steel, kapena ku mbali yosalala ya bawuti yolembedwa 8.8 pamutu. Sankhani bawuti yaitali kuti mazinga akhale kunja kwa mphanda, chifukwa mazinga akakhala m'bowo amadya bowolo ndipo bawuti imadukira pomwepo. Pini musaiwotche n'kuiviika m'madzi poganiza kuti ilimba. Pini yofewerapo imapindika n'kukuchenjezani, youma imangothyoka mwadzidzidzi pulawo ili m'mwamba. Kunsonga ikani linch pin yeniyeni, kapini kotsekera kokhala ndi mphete, osati msomali kapena waya.

Chitsulo choyenera ndi chosayenera

Flat bar yatsopano ya mild steel ndi imene sivuta: imaboleka, imawotchereka ndi welding rod iliyonse, ndipo imapindika isanaduke. Zitsulo ziwiri zomwe zimapezeka paliponse ndi zomwe zimapweteketsa anthu. Choyamba ndi sipulingi ya galimoto. Ili ndi kaboni wambiri, kotero m'mbali mwa msoko mumauma n'kung'aluka, nthawi zina chitsulo chikungozizira. Chachiwiri ndi Y12 kapena Y16 ya konkire. Simungadziwe zimene anasakanizamo, ndipo nthiti zake ndi poyambira ming'alu. Zonsezi zisayandikire zonyamulira.

Chitsulo cha pa sikirapu chiyeseni pa girayinda. Mild steel imatulutsa nthethe zazitali zachikasu zophulika pang'ono kunsonga. Chitsulo cha kaboni wambiri chimatulutsa nthethe zambiri zophulikaphulika. Cast iron imatulutsa zazifupi, zofiirira, ndipo mukaiboola imatulutsa ufa wakuda osati tizitsulo topotana. Mkono wa m'mwamba ukakhala wa cast iron ndipo wathyoka, ife timati funani wina ngakhale wakale. Msoko pa chitsulo chimenechi suyenera kudaliridwa ndi katundu wolendewera pamwamba pa mapazi a munthu.

Kupanga lift rod

Yambani ndi utali, musanadule chilichonse. Imikani thirakitala pamalo osalala, matayala atapopedwa mofanana. Tsitsani chogwirira cha hayidiroliki mpaka pansi, mukankhire mikono ya m'mwamba pansi ndi manja. Ikani mkono wa m'munsi pa thabwa kuti mpira wake ukhale osapitirira 200 mm kuchokera pansi, ngati ndi Category 1. Mtunda wa pakati pa bowo la mkono wa m'mwamba ndi bowo la mkono wa m'munsi ndiwo utali wa rod. Ngati ya mbali inayo ikadali yabwino, koperani imeneyo, koma kumbukirani kuti pa mathirakitala ambiri rod imatsika mopendekera kunja, choncho mphanda ya kumanzere ndi ya kumanja zimapendekera mosiyana.

Pangani kaye yoyeserera ndi kathabwa kapena round bar ya 8 mm yongogwiriza ndi timadontho. Ikolekeni, injini ili chozima, munyamule mikono ndi manja kuyambira pansi mpaka pamwamba, uku mukugwedeza mkono wa m'munsi kumanzere ndi kumanja. Ikakana paliponse, yeniyeniyo idzathyokera pamenepo.

Kumtunda kumafunika mfundo yosewera mbali ziwiri. Njira yosavuta ndi kugula mpira wowotcherera wa kunsonga, womwe umagulitsidwa paokha m'masitolo a zipangizo za mathirakitala. Ukasowa, dulani chitsulo cha 40 mm mbali zonse, chotalika pafupifupi 90 mm, muboole mabowo awiri opingasana, lina kumtunda lina kumunsi. Pini imodzi imalola kukwera ndi kutsika, inayo imalola kupita cham'mbali. Kumunsi, mphanda ikhale yotakasuka ndi 3 mm kapena 4 mm kuposa kukhuthala kwa mkono, komanso yakuya mokwanira kuti mkono usagunde pansi pa mphanda ukafika pamwamba penipeni. Ambiri amaiwala kuya kumeneku.

Pa pini ya 16 mm, masaya a mphanda akhale a flat bar ya 50 mm ndi 10 mm, ndipo kuchokera pakati pa bowo kufika kumathero a chitsulo pakhale 32 mm, kutanthauza kukula kwa pini kawiri. Chitsulo cholumikiza masaya awiriwo chikhale cha 16 mm, muchiboole, rod ilowe m'bowomo, muwotcherere pamwamba ndi pansi. Kungogundanitsa rod pa mphanda n'kuzunguliza msoko ndi kumene kumaduka msanga. Powotcherera, lowetsani pini m'mabowo ndipo pakati pa masaya muikepo chitsulo chotchinga, chifukwa msoko ukamazizira umakoka masayawo kuti ayandikane.

Rod ya kumanja ndi imene imakhala yosinthika utali, popeza tayala la kumanja limayenda mu mngalande polima ndipo pulawo iyenera kuwongoledwa. Mulibe tapu, chida chosemera mazinga a kumanzere a chosinthira utalicho? Palibe vuto. Wotchererani manati awiri a M20 kunsonga kwa paipi yokhuthala 4 mm kapena kuposa, atalowetsedwa kale pa chitsulo chamazinga kuti mazinga awo agwirizane, ndipo muikepo nati yachitatu yotsekera. Posintha mumachotsa pini n'kuzunguliza mphanda theka. Mazinga a M20 amayenda 2.5 mm pa kuzungulira kamodzi, ndiye theka ndi 1.25 mm, zokwanira kuwongola pulawo bwinobwino. Nthawi zonse mazinga osachepera 30 mm akhale m'kati mwa manati. Mazinga oonekera kunja akhale aafupi. Chitsulo chamazinga chikakhala chokutidwa ndi zinki, palani ndi girayinda pamene muwotcherepo, utsi wake umadwalitsa.

Pa mathirakitala ena a m'madimba, chitsulo chonyamulira chimakhala ndi bowo lalitali m'malo mwa lozungulira. Bowo limenelo silinadyeke, anachita kulipanga choncho. Limalola pulawo kukwera yokha ikagunda mwala, makamaka pamene silinda kapena chogwirira cha manja chimakhoma mbali zonse ziwiri. Mukalisandutsa lozungulira, mphamvu ya mwalawo ipita ku shafti. Boolani mabowo awiri kumathero, mudule pakati ndi girayinda, musalaze ndi fayilo.

Mabowo ndi misoko

Bowo lobooledwa ndi moto wa welding rod kapena gasi limakhala lokhakhala, louma m'mphepete, ndipo limadya pini n'kuyambitsa ming'alu. Boolani ndi dirilo ya pa tebulo. Yambani ndi 6 mm, kenako 12 mm, kenako kukula komaliza. Pa 16 mm liwiro likhale pafupifupi 500 pa mphindi, pa 22 mm pafupifupi 350, mukuthira oyilo. Bowo lipose pini ndi theka la milimita basi.

Bowo lakale lodyeka lili ndi njira ziwiri. Yabwino ndi kulikulitsa kuti likhale lozungulira, n'kulowetsamo bushi yopangidwa pa lefu ndi kuiwotcherera m'mbali. Inayo ndi kulowetsa chitsulo cha kopa chofanana ndi pini, n'kudzaza msoko mozungulira. Msoko sumata pa kopa, ndiye mukachotsa mumangosalaza.

Welding rod ya 6013 imapanga msoko wooneka bwino koma sulowa kwambiri. Pa mild steel yosemedwa bwino ingathe. Pa mpira wa kunsonga ndi pa mkono wa kufakitale gwiritsani 7018. Ya 3.2 mm imafuna ma ampu 110 mpaka 140, ndipo makina ang'onoang'ono a AC amavutika nayo pokhapokha mutapeza yolembedwa kuti ndi ya AC. Rod ya 7018 imayamwa chinyontho, ndipo yonyowa imasiya timabowo ndi ming'alu yobisika. Kuiumitsanso kumafuna madigiri 300 mpaka 350 kwa ola limodzi kapena awiri, choncho n'kwapafupi kugula paketi yaing'ono yomata n'kuigwiritsa ntchito tsiku lomwelo. Magetsi akafooka moto umachepa ngakhale nambala ya pa makina isanasinthe. Rod ikamamatirira, dikirani abwerere mwakale.

Chitsulo chilichonse choposa 6 mm chisemeni V mbali zonse ziwiri. Chikakhala chokhuthala kapena cha kaboni wochulukirapo, chitenthetseni kaye kufika madigiri 150 mpaka 200. Pamalo popala bwino pakayamba kuoneka chikasu chotuwa, mwadutsa kale 200, lekani. Gogodani makoko onse musanaike msoko wachiwiri. Mukamaliza kwirirani mumchenga wouma kapena m'phulusa chizizire chokha. Kangalande kotsalira m'mbali mwa msoko kadzazeni, mng'alu umayambira m'menemo.

Mukamawotcherera chinthu chili pa thirakitala, chotsani mawaya a batire ndi a olutaneta, ndipo chopanira cha earth chikhale pa chitsulo chomwecho, pafupi ndi msoko, kuti magetsi asadutse m'maberingi kapena mu mpira.

Mkono wa m'munsi ukamapindika

Flat bar ya 60 mm ndi 16 mm ikaimirira ndi yolimba pafupifupi kanayi kuposa ikakankhidwa cham'mbali. N'chifukwa chake mikono yambiri imapindikira m'mbali, osati pansi, ndipo wolakwa amakhala matcheni oletsa kugwedezeka. Polima, chipangizo chizisewera pafupifupi 50 mm mbali iliyonse, osafika pokhudza tayala. Poyenda mu msewu matcheni amangidwe. Mukamapanga pokolekera tcheni cha kunja, pakhale pa mzere umodzi ndi pini imene mkono umazungulirapo. Pakakhala pamwamba kapena pansi pa mzerewo, tcheni chimakungika mikono ikamakwera n'kukoka mkono mpaka kuupinda. Cholakwika chimenechi n'chovuta kuchiona thirakitala itaima, chifukwa pansi zonse zimaoneka bwino.

Popanga mkono watsopano, onjezani kutambalala m'malo mwa kukhuthala ngati vuto ndi kupindikira pansi: kutambalala kukawirikiza kawiri mphamvu imawirikiza kanayi, pomwe kukhuthala kukawirikiza kawiri mphamvu imangowirikiza kawiri. Bowo la lift rod likhale pa mzere wa pakati, osati kufupi ndi m'mphepete. Polimbitsa ndi chigamba, chidulidwe chosongoka kunsonga zonse ziwiri ndipo msoko uyende motsata utali wa mkono. Msoko wopingasa m'mphepete mwa m'mwamba kapena mwa m'munsi ndi pothyokera pokonzedwa kale. Mkono wa kufakitale wopindika pang'ono uwongoleni pa puresi osauwotcha, chifukwa kawirikawiri umakhala wolimbitsidwa ndi moto, ndipo mukaufiiritsa umafewa n'kupindikanso pomwepo.

Top link

Pulawo ikanyamulidwa top link imakokedwa, koma ikamalima imakankhidwa, ndipo ndi pa kukankhidwako pamene yopangidwa ndi paipi ya madzi imakhota. Gwiritsani paipi yokhuthala, mazinga a M24 pa Category 1, ndi mipira kunsonga zonse ziwiri. Ikafupika kwambiri pulawo imayenda chozondoka n'kumira ndi mlomo. Ikatalika kwambiri imakana kulowa m'nthaka. Pokolekera top link si pokokera ngolo kapena chitsa. Kukoka kuchokera pamwamba pa ekisero ya kumbuyo kumagudubuza thirakitala chagada m'kanthawi kochepa.

Mwaika zatsopano koma zikuchitabe zachilendo

Pulawo sikufika pansi: rod yafupika. Sikukwera mokwanira: rod yatalika, kapena mwaikoleka pa bowo la kutali ndi thirakitala. Bowo la kufupi ndi thirakitala limakweza kwambiri koma ndi mphamvu yochepa, la kutali limanyamula zolemera koma silikweza kwambiri.

Mbali imodzi ili m'mwamba ngakhale ma rod ndi ofanana: mkono wa m'mwamba unabwezeredwa molumpha dzino pa shafti, kapena shaftiyo inapotoka. Musanachotse mkono umenewu, khomani kadontho ndi pantchi pa mkono ndi pa shafti. Mano akadyeka musawotcherere mkono ku shafti. Moto umapha masili ndi mabushi a m'kati, ndipo tsiku lofuna kutsegula bokosi mudzachita kudula.

Mikono ikafika pamwamba mukumva kulira kwa hayidiroliki ndipo oyilo akutentha: china chake chagunda mikono isanafike pamene valavu imadzitsekera yokha, ndiye pampu ikungokankhabe. Tsitsani msanga, mufufuze pogundanapo. Pa rotaveta onaninso shafti ya PTO, imene imazunguza rotavetayo kuchokera ku thirakitala. Rod yaifupi imakweza mopitirira, shaftiyo imatha kufupika mpaka kumathero n'kukankha giya bokosi.

Pulawo ikutsika yokha injini itazima: limenelo si vuto la zitsulo zanu. Ndi oyilo amene akudutsa pa sili ya pisitoni kapena pa valavu.

Kuyesa

Chitsulo chitazizira, pakani parafini pa misoko, mudikire mphindi 10, mupukute kuti paume, muwazepo ufa wa choko. Kamzere konyowa kakatuluka, pamenepo pali mng'alu: semani ndi girayinda mpaka kathe, muwotchererenso. Mabawuti amene akugwira ntchito ya pini musawamange mpaka kupana mphanda. Ikani manati awiri otsekana, mphanda izisewera.

Kwezani ndi kutsitsa kangapo popanda chipangizo, injini ili pa moto wochepa. Kenako kolekani pulawo, muikweze pang'ono chabe, muigwedeze ndi dzanja mutaima pambali. Munthu asalowe pansi pa chipangizo chonyamulidwa popanda chitsa kapena sitandi yochirikiza, ndipo asaime pakati pa tayala ndi pulawo wina ali pa chogwirira. Pakani penti yopyapyala yowala pa zitsulo zatsopanozo, mulime ola limodzi, muime. Pamene penti yapalika pali kukhulana, palani ndi girayinda pakhale mpata. Pamene penti yachita timing'alu, chitsulo chayamba kutamuka, ndipo chichotsedwe thirakitala isanabwerere m'munda.